Dzina la M'nyumba pa Tsamba Lomaliza

1. Buku latha

Rupsha Lahiri anamaliza buku lake Lamlungu m'mawa, mvula ikugwa mu Kolkata monga imagwera mu Julaye, yosalabadira kuti anthu ali ndi zochapa zoti ziume. Bukulo linali la masamba makumi anayi ndi awiri. Mtsikanayu anali wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo kwa miyezi isanu ndi iwiri ankalemba, kufufuta ndi kulembanso, mpaka aphunzitsi a masamu anafunsa ngati kunyumba kuli matenda.

Silinali buku longowerenga ayi. Linali la masewero aja amene anthu anayi kapena asanu amazungulira tebulo, mmodzi n'kumasimba nkhani, enawo aliyense n'kutenga munthu wake wa m'nkhanimo. Wina akati alumpha kuchoka m'bwato, amaponya madayisi, ndipo madayisiwo ndi amene amanena ngati wafika pamtunda kapena wagwera m'madzi.

Masewero a Rupsha ankachitikira pa mtsinje waukulu wa zilumba zambiri. Mwini nkhani yonse anali mayi wopalasa bwato, wamanzere, amene ankaimba nyimbo akachita mantha. Dzina lake linali Jhinuk.

Malamulo a kaponyedwe ka madayisi sanali a Rupsha. Anawatenga kwa anthu ena akutali amene anawapereka mwaulere pa intaneti, pansi pa chilolezo chotseguka. Chilolezocho chinkati aliyense angathe kumangapo masewero ake, koma pa tsamba lomaliza la buku alembe zinthu ziwiri momveka bwino: zimene iyenso akutsegulira anthu onse, ndi mayina amene akusunga kuti akhale ake.

Tsamba limeneli Rupsha ankaliona lotopetsa. Analisiyira mnzake wa m'kalasi, Tirtho Majumdar, amene anajambula zithunzi zonse za m'bukumo. Tirthoyo ankadzitenga ngati katswiri wa malamulo chifukwa chakuti mkulu wake ankaphunzira uloya. Mpikisano wa masewero olembedwa ndi ophunzira unkatseka tsiku lomwelo pa faifi koloko madzulo, ndipo awiriwa anagwirizana kuti atumiza bukulo akatha kudya chakudya chamasana.

2. Wowerenga chafutambuyo

M'chipinda cha pamwamba pa nyumba ya a Lahiri munkakhala a Prodyut, achimwene awo a bambo ake a Rupsha, amene ana onse a mumsewuwo ankawaitana kuti Jethu, kutanthauza bambo aakulu. Nkhalambayi inagwira ntchito zaka makumi anayi m'nyumba zosindikizira mabuku za ku College Street, kusaka zolakwika mabuku asanatuluke. Inapuma ntchito, koma diso silinapume. Ngakhale kapepala kokulunga mankhwala a chifuwa inkakakonza ndi pensulo.

Rupsha anakwera masitepe ndi masamba ake kuti a Jethu amuonere zilembo zophonyeka. Tirtho anafika pambuyo pake atanyowa ngati nkhuku, atanyamula mabiringano okazinga mu ufa okulunga m'nyuzipepala. A Jethu analandira limodzi, anapukuta zala pa malaya amkati, ndipo anawerenga buku lonse. Atafika kumapeto sanabweze masambawo. Anatenga rula yawo yamtengo, anaiika pansi pa mzere womaliza wa tsamba lomaliza, n'kuyamba kukwera nayo mzere ndi mzere.

Rupsha anali ataona chizolowezichi kuyambira ali mwana koma sanafunsepo. Tsikuli anafunsa. A Jethu anati diso likamawerenga kuyambira poyamba limatengeka ndi nkhani, ndipo limaona zimene likufuna kuona. Likayambira kumapeto lilibe nkhani yolinyenga, limaona zimene zalembedwadi.

Rula inakwera mizere isanu n'kuima.

"Kalonga Ostrevan ndi ndani?" anafunsa a Jethu.

Rupsha anati m'buku lake mulibe munthu wotero.

"Ndi zimene ndaonanso ine, mayi wanga. Masamba makumi anayi ndi awiri, sindinakumane naye ngakhale pa msika. Koma apa mwalemba kuti zonse za m'buku lino n'zotseguka kwa aliyense, kupatula Kalonga Ostrevan, Mzinda wa Vellmar ndi kavalo wina dzina lake Grimtooth. Mwamangira mpanda kavalo wa eni ake. Ameneyu mumamudyetsa chiyani?"

Rupsha anatembenukira Tirtho. Mnyamatayo anayamba kutafuna pang'onopang'ono ngati biringanolo lili ndi minga. Kenaka anavomera kuti tsambalo analikopera m'buku la anthu ena, lonse monga linalili, n'kungosintha mutu ndi chaka. Iye ankayesa kuti mawu amenewo ndi ofanana m'mabuku onse, monga mawu a pa tikiti ya tiramu, kasitima ka m'misewu ya mumzindawo, ndipo anawonjezera kuti palibe munthu wamoyo amene amawerenga tsamba lomaliza.

"Ine ndikadali wamoyo," anatero a Jethu.

3. Chenjezo la a Jethu

Rupsha sanakwiye. Chidwi ndi chimene chinamugwira, ndipo anakokera mpando pafupi. Anafuna kudziwa chimene chikanachitika bukulo likanatuluka monga linalili. Anafunsanso ngati sakanatha kungolikonza mawa lake.

A Jethu anavula magalasi. Anali atawerenga chilolezo chonsecho, chimene chinalinso m'bukumo, mawu ang'onoang'ono aja amene ana awiriwa anangowadumpha, ndipo anayankha motere:

"Tamverani, ana inu. Anthu amene analemba chilolezochi si opusa, ndiponso si akuba. Iwo anaona kuti malamulo a masewero ali ngati msewu. Msewu umakoma anthu akamayendamo, ndipo amene watseka msewu amasauka yekha. N'chifukwa chake anakupatsani malamulo awo osakufunsani kuti ndinu ana a yani. Koma anadziwanso kuti m'mbali mwa msewu muli nyumba, ndipo nyumba iliyonse ili ndi chitseko. Mzere uwu wa mayina osungidwa ndiwo chitsekocho. Iwo sakutsekerani. Akuti mwini nyumba atseke yekha, ndipo anene poyera chimene watseka, kuti mlendo waulemu asalowe mosadziwa.

"Tsono chimene simunawerenge ndi ichi. Chimene mwatsegula, mwatsegula mpaka kalekale. Mungathe kukonza buku lanu mawa, inde, koma amene analitenga lero ali ndi chilolezo cha lero m'manja mwake, ndipo simungamulande. Madzi akatayika saoleka. Ine ndaona wolemba wamkulu, wa ndevu zoyera, akulira pakhomo pa nyumba yosindikizira chifukwa cha mzere umodzi umene anasaina osawerenga. Munthu amene watenga wopalasa bwato wanuyu angathe kumusandutsa mfumukazi. Angathenso kumusandutsa chidakwa, kapena wakuba ana, kapena choseketsa cha anyamata a pa mphambano, dzina lomwelo, dzanja lamanzere lomwelo. Ndipo sadzakhala atalakwa, chifukwa inu ndi amene munalemba kuti atenge."

Atatero anavalanso magalasi n'kubwerera pa tsamba lachitatu, pamene dzina la wopalasa bwato linkaonekera koyamba. Anaika rula pansi pake ndi kuyang'ana Rupsha nthawi yaitali. Mtsikanayo anazolika.

4. Mkangano

Tirtho, manyazi atamuchoka pang'ono, anapeza mawu. Anati kulakwa kwake n'koona, koma mwina kunali kulakwa kwamwayi. Iwo anadya za anzawo mwaulere, nanga bwanji akufuna kumana ena? Anati Jhinuk akatsegulidwa, anthu a ku Dhaka, a ku Pune ndi a kutsidya kwa nyanja adzamulembera nkhani zatsopano, ndipo dzinalo lidzamveka kuposa momwe awiriwo angalimveketsere ali m'chipinda chodontha ichi.

Mawuwa anamukoka mtima Rupsha, chifukwa nayenso ankafunitsitsa kuona kumene alendo angapite naye wopalasa bwato wake.

"Ndi dzina chabe," anatero Tirtho. "Tikafuna tipeka lina."

"Wanena bwino, Bhombol," anayankha a Jethu.

Makutu a Tirtho anafiira. Monga mwana aliyense wa kwawoko, anali ndi mayina awiri, labwino la kusukulu ndi pa ziphaso, ndi la m'nyumba limene amaitanidwa nalo ndi amene anamusambitsa ali khanda. La m'nyumbalo analibisa zaka zonse za kusekondale, ndipo sankadziwa kuti a Jethu ankamwa tiyi ndi agogo ake.

"Jethu, chonde, osati pamaso pa uyu."

"Bwanji? Ndi dzina chabe. Ndilembe pachikuto kuti zithunzi anajambula ndi Bhombol Majumdar? Pensulo ndili nayo."

Rupsha anaseka mpaka misozi, koma kusekako sikunakhalitse. A Jethu anamufunsa ngati mnzakeyo akudziwa kumene dzina la wopalasa bwato linachokera. Rupsha anapukusa mutu. Kenaka ananena yekha, mawu ali pansi, kuti Jhinuk linali dzina la m'nyumba la mayi ake. Anthu onse ankawadziwa kuti a Madhumita, mphunzitsi wa nyimbo, amene anamwalira zaka zitatu zapitazo. Dzina linalo Rupsha ankalimva ali pa masitepe, bambo ake akamaitana mkazi wawo poganiza kuti ana sakumva. Chimwalirire mayiwo, dzinalo silinamvekenso m'nyumbamo, ndipo iye analiika m'buku chifukwa ankalisowa.

Tirtho anayang'ana zithunzi zake. Iye anajambula mayi wa m'bwatoyo kakhumi ndi kanayi, osadziwa amene ankajambula.

A Jethu anati: "Ine ndinakhala ndi mayi ako nyumba imodzi zaka makumi awiri. Anali mkazi wa mng'ono wanga, ndipo mwambo wathu sulola kuti mkulu wa mwamuna azolowerane ndi mkazi wa mng'ono wake. Dzina limeneli ndinkalidziwa, koma silinatulukepo pakamwa panga, ngakhale lero simunandimve ndikulitchula. Tsono ndikaona kuti latsala pang'ono kuperekedwa kwa dziko lonse ndi mzere wokopera, mtima ukundipweteka. Komabe sindikuuza chochita. Ungalitsegule, ungalisunge, ungalichotsemo. Chimene ndikuuza n'chakuti dzinali si langa, ndipo si lako wekha. Amene ankaliitana ali pansipa. Safunsa anadya phula, mayi wanga."

Tirtho anayang'ana wotchi n'kunena mwamantha kuti nthawi ikutha, ndipo njira yachidule ndi kungolemba dzinalo pa mzere wa osungidwa osavutitsa munthu. Rupsha anaona kuti zimenezo n'zotheka, ndipo bambo ake sakanadziwa konse, popeza sankatsegula intaneti. Anasonkhanitsa masamba ake, anatenga madayisi awiri, n'kutsika masitepe.

5. Chipinda cha malimba

A Subhendu Lahiri, bambo ake a Rupsha, ankakonza malimba ang'onoang'ono opopa ndi dzanja, amene oimba a mumzindawo amaimbira atakhala pansi. Ngakhale Lamlungu ankapezeka m'chipinda chawo cha pansi, chonunkha guluu ndi chikopa. Rupsha anawapeza atatsegula limba lina, akupala kachitsulo kake kolira ndi mpeni waung'ono.

Anawapatsa bukulo atatsegula pa tsamba lachitatu. Bambowo anapukuta manja, anawerenga, ndipo anafika pa dzina lija. Sanakweze maso. Anapitiriza mpaka pamene panalembedwa kuti mayiyu ndi wamanzere ndipo amaimba akachita mantha. Rupsha anadandaula kuti sanamvere Tirtho.

Anafotokoza zonse mofulumira: za chilolezo, za mzere wa mayina, za kavalo wa eni ake. Anati akhoza kuchotsamo dzinalo nthawi yomweyo ngati bambowo akufuna.

"Wamupatsa bwato?" anafunsa a Subhendu.

"Inde, Baba."

"Mayi ako ankaopa madzi kuposa mphaka. Titangokwatirana ndinawakweza bwato lowolokera ku Howrah. Anandigwira mkono mpaka zikhadabo zinalowa, akuimba nyimbo imodzimodzi kuchokera tsidya lino mpaka tsidya lina. Anthu a m'bwatomo anaomba m'manja, amayesa ndi woimba wolipidwa."

Anaseka, kenaka anapukuta m'maso ndi kumbuyo kwa dzanja. Anafunsa ntchito ya madayisi, ndipo Rupsha anawaonetsa kuti akaponya zisanu ndi ziwiri kapena kuposerapo, bwato liwoloka mkuntho. Bambowo anawaponya pa chivindikiro cha limba. Panatuluka zisanu ndi zinayi.

"Wawoloka, Jhinuk," anatero.

Aka kanali koyamba m'zaka zitatu kuti dzinalo limveke m'nyumbamo. Rupsha analira, ndipo sanabise.

Patapita kanthawi a Subhendu anati dzinalo lisachotsedwe. Anati anthu asewere naye wopalasa bwatoyo, amuwolotse mitsinje yonse imene akufuna ali pa matebulo awo, koma asamutenge n'kukamulemba m'mabuku awo ngati wopanda kwawo. Mtsinje, zilumba ndi malamulo a mkuntho, zimenezo apatsidwe aliyense.

"Wachita bwino kundifunsa lisanatuluke pakhomo," anatero akubweza madayisi. "Ukanandiuza litapita kale, sindikudziwa kuti ndikanakuyang'ana bwanji."

6. Asanu ndi awiri

Rupsha anakwera masitepe awiriawiri. Anafufuta Kalonga Ostrevan, mzinda wake ndi kavalo wake. M'malo mwake analemba yekha kuti malamulo onse, mtsinje ndi zilumba n'zotseguka kwa aliyense, koma dzina la Jhinuk, maonekedwe ake ndi mbiri yake n'zosungidwa. A Jethu anawerenga kuyambira pamwamba, anawerenganso kuyambira pansi, ndipo anangowonjezera mpumiro umodzi. Bukulo linatumizidwa nthawi itangopitirira folo koloko.

Mvula inali itakata. Rupsha anatenga biringano lozizira limene linatsala n'kuligawa pakati kuti apatse Tirtho. Mnyamatayo sanalandire. Kuyambira pamene mnzakeyo anabwera kuchokera pansi, anali atakhala pakona, foni ili m'manja, nkhope itagwa.

"Rupsha, pali china."

Anafotokoza kuti Lachinayi anaika bukulo, lisanamalizidwe, pa tsamba la pa intaneti la mpikisanowo kuti angoona ngati zithunzi zikuoneka bwino. Ankati alichotsa pakatha mphindi zochepa, koma amayi ake anamutuma ku msika wa nsomba ndipo anaiwala. Linakhala pamenepo masiku atatu, ndi tsamba lomaliza lakale lija. Analichotsa pamene Rupsha anali pansi ndi bambo ake.

A Jethu sanakalipe. Anangofunsa kuti ndi angati amene analitenga.

"Asanu ndi awiri."

Mmodzi mwa asanu ndi awiriwo anali atasiya uthenga. Tirtho anapereka foni, ndipo Rupsha anawerenga. Munthuyo sanalembe dzina lake lenileni kapena kumene amakhala. Anathokoza chifukwa cha mtima wotsegula zonse, anati wopalasa bwato uja wamukonda kwambiri ndipo wamuika kale m'buku limene iye akulemba, atamusintha pang'ono kuti agwirizane ndi nkhani yake. Sananene kuti wamusintha motani.

Rupsha anawerenga uthengawo kachiwiri, kuyambira kumapeto, koma mawu anali omwewo.

Tirtho ananong'ona kuti palibe chifukwa chouzira bambo aja. Anthu asanu ndi awiri ndi ochepa, ndipo mwina wolembayo sadzamaliza n'komwe buku lakelo. A Jethu anayang'ana pawindo osathandiza aliyense.

Pansi paja limba linayamba kulira. Silinali liwu limodzi lija limene a Subhendu ankaliza poyesa ntchito yawo. Inali nyimbo yathunthu, imene Rupsha anali asanaimve chimwalirire mayi ake, ndipo bambowo ankaitsatira ndi mawu awo osasa.

Rupsha anaima pamwamba pa masitepe mpaka ndime yoyamba inatha. Kenaka anauza Tirtho kuti adzuke, chifukwa akauza bambo ake ali onse awiri. Anatsika pang'onopang'ono, foni ili m'dzanja, ndipo atafika pakhomo pa chipinda cha malimba bambo ake anakweza maso akumwetulira, zala zikadali pa limba.

"Baba," anatero Rupsha, "tayambani mwasiya kaye."